Kodi ndipitirize kuuza abale anga kuti azigula mafoni a kampani imene ndimaikonda?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Kasungu, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikugwiritsa ntchito mafoni a kampani imodzi yokha, amene sanandikhumudwitsepo. Chifukwa cha ichi, aliyense wa kwathu akafuna foni ndimamuuza kuti agule ya kampani yomweyo. Chaka chatha alamu anga anamvera malangizo anga n'kugula yotsika mtengo kwambiri ya kampaniyo, koma lero akudandaula kuti imachedwa komanso imadzaza msanga, moti tikakumana amayamba nkhani ya foni asanandipatse moni. Tsopano tasonkha ndalama kuti tigulire amayi athu kumudzi foni yawo yoyamba ya WhatsApp, ndipo ndalamazo zikungokwanira mafoni apansi. Ana anga akuti tisiye kampani yangayo tigule ina. Kodi ndikulakwa kukakamira dzina limene ndikulidziwa?

Yankho: Aphunzitsi, simukulakwa kukhulupirira kampani imene yakutumikirani bwino zaka zonsezi, ndipo sindikuuzani kuti muitaye chifukwa chakuti ana anena. Vuto lili pakuti umboni umene muli nawo ndi wa mafoni amene inuyo munawagwira m'manja, pa mtengo umene inuyo munalipira, pamene malangizo amene mumapereka amakhudza mafoni ena amene simunawagwiritsepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Mmene mwalembera ndikuona kuti foni yanu si yapansi penipeni, chifukwa munthu amene wakhala zaka zambiri osadandaula kawirikawiri amakhala kuti anagula yapakatikati. Alamu anu anagula yapansi, ndipo ngakhale dzina lolembedwa kumsana kwa mafoni awiriwo ndi limodzi, zam'kati mwake zikhoza kukhala zosiyana kotheratu, mwinanso anachokera m'mafakitale osiyana. Choncho maganizo anga ndi akuti pa mafoni otsika mtengo dzina la kampani lizibwera pomalizira, mutaona kale zimene munthuyo akufuna kuchita ndi foniyo, zimene zili m'kati mwake, ndiponso ngati ingakonzedwe pafupi ndi kumene amakhala.

Nkhaniyi ndi yolemera kuposa mmene imaonekera chifukwa cha udindo umene munthu amasenza akangotchula dzina la foni pamaso pa abale. Wolangiza amasanduka nkhoswe ya foniyo, pakuti tsiku logula aliyense amakondwa, koma ikadzayamba kuvuta amene amaitanidwa si wa sitolo kapena kampani ya kutsidya kwa nyanja, koma inuyo amene munaivomereza. Komanso masiku ano foni si chinthu chogula mwachibwana. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuwonjezera pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, moti foni imene m'tauni timaitcha yotchipa, kwa mlimi ndi matumba angapo a chimanga kapena a soya. Munthu wotere akagula molakwika alibe mwayi wogulanso mwezi wamawa, adzapirira nayo zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo zaka zonsezo adzakhala akukumbukira amene anamuuza.

Tiyeni tione kaye kuti dzina la kampani limaimira chiyani pa mafoni apansi. Makampani akuluakulu amaika akatswiri awo ndi ndalama zawo zofufuzira pa mafoni odula, chifukwa ndi amene amabweretsa phindu lalikulu komanso mbiri. Mafoni ambiri otsika mtengo amakonzedwa ndi kulumikizidwa m'mafakitale a ku China amene ogula sawadziwa n'komwe, monga Huaqin ndi Longcheer, amene amatha kupanga foni yathunthu, kenaka mwini dzina n'kuikapo chizindikiro chake ndi mapulogalamu ake. Ngakhale Samsung, imene inkadziwika kuti imapanga mafoni ake m'mafakitale akeake, inayamba kupereka ena mwa mafoni otsika mtengo kwa mafakitale otere kuyambira mu 2018. Zimenezi sizikutanthauza kuti mafoniwo ndi oipa, chifukwa mwini dzina amaikabe miyezo yake ndipo ndi amene amayankha foni ikafa waranti isanathe. Koma zikutanthauza kuti luso limene linakusangalatsani m'foni yanu mwina silinafikeko n'komwe ku foni ya alamu anu.

Umboni wina uli pa purosesa, kachipangizo kamene kamayendetsa zonse m'foni. Makampani opanga mapurosesa a mafoni otsika mtengo ndi ochepa, makamaka MediaTek ya ku Taiwan ndi Unisoc ya ku China, ndipo pafupifupi onse ogulitsa mafoni amakagula komweko. Purosesa ya Unisoc SC9863A, imene ndi yakale komanso yofooka, inaikidwa mu Samsung Galaxy A03 Core, mu Nokia C20, mu Realme C11 ya 2021, ndiponso m'mafoni ena a Itel ndi Tecno. Chakumapeto kwa 2023, Samsung Galaxy A05, Redmi 13C ndi Tecno Spark 20 onse anatuluka ali ndi purosesa imodzi, MediaTek Helio G85. Choncho mukamva anyamata akutsutsana mpaka kutuluka thukuta kuti foni ya kampani yakuti ndi yothamanga kuposa ya kampani yakuti, nthawi zambiri amakhala akufanizira foni yapakatikati ya mbali imodzi ndi yapansi ya mbali inayo. Akanafanizira za mtengo wofanana akanapeza kuti liwiro lake silisiyana kwenikweni.

Simunatchule m'kalatayi kampani imene ana anu akufuna, koma ndikukhulupirira kuti akunena Tecno, Itel kapena Infinix, chifukwa ndi amene adzaza m'masitolo ndi m'misika yathu. Mayina atatuwa ndi a kampani imodzi, Transsion, ya mumzinda wa Shenzhen ku China, imene inayamba mu 2006 ndipo m'zaka zaposachedwapa yakhala ikugulitsa pafupifupi theka la mafoni amakono onse ogulitsidwa mu Africa. Itel ndi yapansi, Tecno imayambira pansi mpaka pamwamba, pamene Infinix imakopa makamaka achinyamata. Kampaniyi sinapambane chifukwa cha dzina, pakuti itafika palibe amene ankaidziwa. Inapambana chifukwa inaona zimene makampani otchuka sankazilabadira: kuti munthu wa kuno amafuna malo a masimu awiri kuti akhale ndi Airtel ndi TNM m'foni imodzi, kuti batire liyenera kupirira kumene magetsi kulibe kapena amazimazima, ndiponso kuti kamera iyenera kujambula bwino nkhope ya munthu wakuda. Anthu amene anakakamira mayina akale nthawi imeneyo analipira ndalama zambiri pa zinthu zochepa. Komabe musaiwale kuti ana anu nawonso akhoza kukhala pa msampha womwewo umene inu mulipo, kungoti dzina ndi lina. Amene amati Tecno iliyonse ndi yabwino chifukwa Tecno Camon yake yapakatikati imajambula bwino, sakudziwa kanthu za Tecno Pop yapansi imene agogo ake angagule.

Palinso chinthu china chimene okonda mayina saganizira, chakuti dzina limatha kusintha mwini, kapena kampani kugwa m'mavuto, wogula osadziwa. Akuluakulu ambiri amakumbukirabe Nokia 3310 ya m'chaka cha 2000 ndi Nokia 1100 ya tochi, imene inkagwa pa simenti n'kumwazika, munthu n'kuitola, kuilumikiza, n'kupitiriza kuyankhula. Koma nthambi ya mafoni ya Nokia inagulitsidwa kwa Microsoft mu 2014, ndipo mafoni a Android (pulogalamu yaikulu ya Google yoyendetsa foni) olembedwa Nokia amene anayamba kutuluka mu 2017 ndi a kampani ina ya ku Finland yotchedwa HMD Global, imene inangopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo. Wogula foni yotere pokumbukira kulimba kwa 3310 akugula kwa anthu ena. Nkhani ya Huawei ndi yopweteka kwambiri kwa olangiza. Mafoni ake a mtundu wa Y anali odalirika ndipo ambiri ankawayamikira kwa abale, koma mu Meyi 2019 boma la America litaika ziletso pa kampaniyo, mafoni ake atsopano anayamba kutuluka opanda Play Store, kumene anthu amatengako mapulogalamu, ndi mapulogalamu ena a Google. Amene anapitiriza kulangiza mwa chizolowezi anapereka kwa abale awo foni yabwino ndithu m'mapangidwe, koma yovuta kuikamo mapulogalamu amene aliyense akuwagwiritsa ntchito.

Ndisanapitirire, ndinene kuti kukonda dzina kuli ndi mbali ina imene sitikonda kuivomereza. Munthu akawononga ndalama zambiri pa chinthu amafuna kuti ena amutsimikizire kuti anasankha bwino, ndipo mbale wake akagula chofanana amamva ngati wavomerezedwa. Palinso kaulemu kamene timakaika pa mayina ena, moti foni ya Itel ena amaibisa m'thumba pa msonkhano pamene ya dzina lotchuka amaiika patebulo. Zimenezi n'zaumunthu, koma amayi anu kumudzi sakufuna foni yoika patebulo pa msonkhano, akufuna kuona nkhope za zidzukulu zawo ndi kumva mawu bwinobwino.

Tsopano ndinene kumene dzina la kampani lili ndi ntchito yeniyeni, chifukwa kulipo. Koyamba ndi pa ma update, amene amatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera komanso kuchititsa kuti mapulogalamu atsopano azigwirabe ntchito. Apa makampani amasiyana kwambiri, ndipo Samsung yakhala patsogolo pa malonjezo olembedwa: Galaxy A16 5G imene inatuluka mu 2024 inalonjezedwa ma update a zaka 6, ngakhale kuti mafoni apansi pake a nthawi yomweyo analonjezedwa zaka zocheperapo. Mafoni ambiri otsika mtengo a makampani ena amafa ndi Android imene anabadwa nayo. Kwa munthu amene amasintha foni chaka ndi chaka nkhaniyi ilibe kanthu, koma kwa amene adzaisunga mpaka itatheratu ndi yofunika, chifukwa mapulogalamu amasiya mafoni akale. Mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa mafoni a Android yakale kuposa 5.0, ndipo malire amenewa amasunthidwa nthawi ndi nthawi. Foni yatsopano ya lero idzatenga zaka zambiri isanafike pamenepo, koma chenjezo lili pa mafoni amene akhalitsa m'sitolo kapena akaunjika, amene wogulitsa amawatsitsa mtengo chifukwa Android yake yakalamba kale.

Kwachiwiri, ndipo kwa ine uku ndiye kofunika kuposa konse, ndi pa zipangizo zokonzera. Foni yotsika mtengo siifa ndi ukalamba kawirikawiri. Imafa ndi sikirini yosweka, ndi polowetsa tchaja pamene pakhwepa, kapena ndi batire lotupa. Choncho musanalowe m'sitolo, pitani kaye kwa wokonza mafoni wa pa boma kapena pa msika umene uli pafupi ndi amayi anu. Mudzamupeza pa kabenchi kake, ali ndi kamakina kotulutsa mpweya wotentha, mabokosi a timasikuluwu, ndi mulu wa mafoni akufa amene amachotsako zipangizo. Mufunseni kuti ndi masikirini a mafoni ati amene ali nawo pompo, ndi ati amene amachita kuitanitsa ku Lilongwe, ndipo ndi ati amene sapezeka mpaka wina apite ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Mufunsenso mtengo wa sikirini ya foni imene mukuiganizira, chifukwa pali mafoni amene sikirini yake imafika pafupi ndi theka la mtengo wa foni yonse, ndipo yotereyo ikasweka mwini wake amangoiponya m'sutikesi. Wokonzayu sapindula kanthu pa foni imene mugule, ndipo amaona tsiku ndi tsiku mitundu imene imabwera kawirikawiri ndi matenda amodzimodzi. Transsion ili ndi nthambi yake yokonza mafoni yotchedwa Carlcare, ndipo kuchuluka kwa mafoni ake kumachititsa kuti zipangizo zake zizipezeka msanga ngakhale kwa okonza wamba. Mafoni a Samsung a mtundu wa A nawonso savuta kwenikweni. Amene ndimachenjeza ndi mafoni a mayina achilendo amene mbale wabweretsa kuchokera kunja, abwino ndithu, koma oti ngakhale kava yake simungaipeze m'dziko muno.

Kwachitatu n'kumene kukakamira kwanu kuli ndi mfundo yamphamvu, ndipo ana anu mwina sanaganizepo. Amayi anu akadzasokonezeka ndi foni, adzaimbira inu. Mudzakhala muli ku Kasungu, iwo ali kumudzi, ndipo mudzayenera kuwauza pa foni kuti adine kachizindikiro kooneka ngati giya, atsike mpaka pa mawu akuti, kenaka adine pachiwiri. Kampani iliyonse imakonza Android mwa njira yake: Samsung ili ndi One UI, Tecno ili ndi HiOS, Infinix ili ndi XOS, ndipo Xiaomi inali ndi MIUI imene inalowedwa m'malo ndi HyperOS. Zinthu zofanana zimabisidwa m'malo osiyana ndiponso zimatchedwa mayina osiyana. Ngati foni ya amayi ndi yofanana ndi yanu, mudzatsegula yanuyo n'kumawatsogolera sitepe ndi sitepe. Ngati ndi ina, nonse awiri mudzakhala mukupapasa mumdima, mayunitsi akutha. Koma funso loyenera apa si lakuti inu mumadziwa foni iti, koma lakuti amene adzakhale pafupi ndi amayi tsiku ndi tsiku amadziwa iti. Ngati pakhomopo pali mdzukulu wa kusekondale amene ali ndi Itel, ndiye kuti mphunzitsi weniweni wa foniyo ndi iyeyo, osati inu.

Tibwere ku vuto la alamu anu, chifukwa likutiphunzitsa zoyenera kuyang'ana pa bokosi. Foni imene imachedwa ndi kudzaza msanga pafupifupi nthawi zonse imakhala ya RAM ya 2GB ndi malo osungira a 32GB kapena 16GB. RAM ndi imene imalola foni kugwira zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo ikachepa munthu amati akachoka pa WhatsApp kupita pa Facebook, pobwerera amapeza zonse zayambiranso. Google inakonza Android yopepuka, yotchedwa Android Go, ya mafoni otere kuyambira mu 2017, ndipo kuyambira pa Android 13 ngakhale yopepukayo imafuna RAM yosachepera 2GB, kusonyeza kuti 2GB tsopano ndi pansi penipeni, osati pabwino. Ine sindilangiza munthu foni yochepera 3GB, ndipo ngati thumba lingalole, 4GB ndi pamene mtima umakhala m'malo. Apa chenjerani ndi kalembedwe ka pa mabokosi. Mudzaona manambala akuluakulu akuti 8GB RAM, koma pansi pake kapena pambali pali timalemba takuti 4+4. Zinayi zoyambazo ndi RAM yeniyeni, pamene zinayi zinazo ndi gawo la malo osungira limene foni imabwereka, ndipo malo osungira a mafoni otsika mtengo ndi ochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Werengani nambala yoyamba yokha, ndipo wogulitsa akakakamira pa 8, mupempheni atsegule Settings muone nokha.

Pa malo osungira, 64GB ikhale poyambira. Pa 32GB gawo lalikulu limakhala litatengedwa kale ndi Android ndi mapulogalamu amene kampani inaikiratu, ndipo chotsalacho chimamezedwa ndi magulu a WhatsApp. Munthu wa kuno sakhala m'gulu limodzi: muli la banja, la mpingo, la kwaya, la banki m'khonde, la anzake a kusukulu, ndi la maliro limene linatsegulidwa kuti anthu asonkhe koma silinatsekedwe. Kanema mmodzi wa ulaliki akatumizidwa m'magulu atatu, foni ikhoza kudzitengera yokha ngati mwini wake sanailetse. Ichi ndi chifukwa chake ndikuti musanavomereze kuti foni ya alamu anu ndi yotayika, khalani nayo pansi madzulo amodzi. Tsekani kudzitengera kwa zithunzi ndi makanema mu WhatsApp, fufutani zakale kudzera pa Manage storage, chotsani mapulogalamu amene sawagwiritsa ntchito makamaka aja amene amati amayeretsa foni koma amangobweretsa malonda, ikani Facebook Lite m'malo mwa Facebook yaikulu, ndipo muwagulire memori khadi yeniyeni ya nyimbo ndi zithunzi. Siisanduka foni yothamanga, koma idzapuma, ndipo bandulo yawo idzayamba kukhalitsa.

Zotsalazo n'zosavuta. Batire la 5000mAh tsopano lili pafupifupi m'foni iliyonse ya mtengo umenewu, ndipo musavomere lochepera, makamaka kumene anthu amalipira kuti atchajitse pa sola ya pa gulosale. Polowetsa tchaja pakhale pa USB-C, chifukwa pamalowa mbali iliyonse ndipo munthu wamkulu sangapathyole pokakamiza tchaja chozondoka. Funsani ngati mutu wa tchaja uli m'bokosi, pakuti makampani ena anasiya kuikamo. Foni ikhale ya 4G, osati 3G yokha, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo motani. Za kamera musataye nazo nthawi, chifukwa manambala a ma megapixel sanena zambiri pa mafoni apansi, ndipo mwa magalasi atatu amene mumawaona kumsana, kawirikawiri limodzi lokha ndi limene limagwira ntchito yooneka. Kwa amayi anu zofunika kwambiri ndi sipika yomveka ngakhale ali panja akupeta, sikirini yowala mokwanira kuti aone padzuwa, zilembo zotheka kukulitsa, wailesi ya FM ndi tochi. Zimenezi siziwerengedwa pa bokosi, muyenera kuyesa nokha m'sitolo momwemo, kuimba nyimbo mokweza ndi kutuluka nayo pakhomo kuti muone sikirini padzuwa.

Ndikuuzeninso kuti si aliyense wofunsa foni amene akufunikira yamakono. Airtel Money pa *211#, Mpamba pa *444# ndi Mo626 pa *626# zonse zimayenda pa foni ya mabatani, imene batire lake limatha masiku angapo ndipo ikagwa siisweka msanga. Mbale amene akufuna kuimba, kulandira ndalama ndi kumvera wailesi mumamuchitira chifundo mukamuuza kuti asunge ndalama zake. Amayi anu ndi nkhani ina chifukwa cholinga ndi WhatsApp, koma ngakhale iwo musawalande kafoni kawo kakale. Simu imene ili ndi ndalama ikhoza kukhala momwemo mpaka atazolowera yatsopanoyo.

Kumene mugule n'kofunika mofanana ndi chimene mugule, ndipo apa ndi pamene okonda mayina amagwiritsidwa fuwa la moto kawirikawiri, chifukwa opanga mafoni achinyengo amakopera mayina otchuka omwewo. Foni ya dzina lalikulu imene ikugulitsidwa pa theka la mtengo wake siili pa mwayi, ili ndi chifukwa. Dinani *#06# kuti muone nambala ya IMEI, yozindikiritsa foniyo, ndipo ifanane ndi yolembedwa pa bokosi ndi pa lisiti. Lisitilo likhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa foni ndi nthawi ya waranti, chifukwa popanda ilo ngakhale mutakadandaula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula, mudzasowa pogwira. Foni yakaunjika ya mtundu wapamwamba imakopa, ndipo nthawi zina imakhaladi yabwino kuposa yatsopano yapansi, koma ili ndi misampha imene munthu wa kumudzi sangaithe. Batire lake limakhala litatopa, ikhoza kukhala yomangidwa ku akaunti ya Google ya mwini wake woyamba moti ikafufutidwa imakana kutseguka, ndiponso ikhoza kukhala ya ngongole imene kampani yobwereketsa idzaitseka patali mwini wake akasiya kulipira. Abale a ku South Africa akafuna kutumiza foni, auzeni atsimikize kuti si yotsekeredwa ku netiweki imodzi ya kumeneko, chifukwa mafoni ena otsika mtengo a m'masitolo a kumeneko amakana simu ya kuno mpaka atatsegulidwa.

Kalangizidwe nakonso kasinthe. Musamanene kuti gulani ya kampani yakuti, chifukwa mawu amenewo ndi amene anatumiza alamu anu m'sitolo ali ndi dzina lokha, wogulitsa n'kuwapatsa imene ndalama zawo zinakwanira. Tchulani foni yeniyeni, mtundu wake, RAM yake ndi malo ake osungira, pakuti ngakhale foni ya mtundu umodzi imatuluka pawiri kapena patatu, ina ya 64GB ina ya 128GB, m'mabokosi ofanana. Perekani mafoni awiri kapena atatu a makampani osiyana, munene ubwino ndi kuipa kwa iliyonse, ndipo munene poyera imene munaigwirapo ndi imene mwangoimva kwa ena. Muuzeninso munthuyo zimene foni ya mtengo umenewo singachite, kuti masewera olemera adzaivuta ndiponso zithunzi za usiku sizidzaoneka bwino, kuti asadzayembekezere zimene sanalipire. Akasankha yekha atamva zonsezi, foniyo ndi yake, ndipo ikadzavuta mudzakhala womuthandiza osati woimbidwa mlandu.

Pa foni ya amayi, chitani motere. Tengani ndalama zimene mwasonkha, mupatule kaye ya kava, ya galasi loteteza sikirini ndi ya bandulo ya mwezi woyamba, ndipo yotsalayo ndiye mtengo wa foni. Pa mtengo umenewo funani ya RAM yeniyeni ya 4GB, kapena 3GB zikavuta, malo a 64GB, 4G, ndi Android yosapitirira zaka ziwiri chitulukireni. Ngati kampani yanu ili ndi foni yokwaniritsa zimenezi, ndipo wokonza wa pafupi ndi kumudzi ali ndi sikirini yake, igule mosakayika, chifukwa kuidziwa kwanu ndi phindu lowonjezera. Koma ngati pa ndalama zimenezo kampani yanu ikukupatsani ya 2GB ndi 32GB pamene ina ikukupatsani ya 4GB ndi 64GB, amverereni ana, ndipo kawirikawiri pa mtengo wapansi zinthu zimakhala choncho, chifukwa pa dzina lotchuka gawo lina la ndalama mumalipirira dzinalo. Mukagula, musaitumize ili m'bokosi. Itseguleni nokha, mutsegule akaunti ya Google m'dzina la amayi ndi kulemba mawu achinsinsi m'kope limene mudzasunge inu, mulowetse manambala a ana ndi zidzukulu pamodzi ndi zithunzi zawo kuti asavutike kuwerenga mayina, mukulitse zilembo, ndi kutseka kudzitengera kwa makanema. Pokapereka, muwauze mobwerezabwereza kuti PIN ya ndalama zawo ndi manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa uthenga asauze munthu aliyense woimba foni, ngakhale atanena kuti ndi wa ku kampani ya mafoni kapena kuti watumidwa ndi inuyo.